Mwana Wopanda Nambala

M'mudzi mwathu muno, matenda opanda nambala sachiritsidwa. Makina a kuchipatala amamvetsera kupuma kwa khanda n'kutulutsa nambala ya matenda obadwa nawo, koma pokhapokha masiku asanu asanathe chibadwire.

Mwana wa Esinati anabadwira kunyumba, akupuma ngati wameza wezulo. Koma ndani angatulutse khanda m'chikuta mchombo usanagwe? Unagwa tsiku lachisanu ndi chitatu, m'pamene Esinati anapita naye kuchipatala.

"Njira ya mpweya pakhosipa njofooka, ndikumva ndi makutu angawa," anatero namwino. "Koma makina akuti mwachedwa, mayi. Popanda nambala, kabati ya mankhwala sitseguka."

"Ndiye kuti mwanayu sakudwala?"

"M'makinamu, ayi."

Tsopano Esinati ndi mwamuna wake Yotamu amalandizana. Mwanayo akagona chagada milomo imada, choncho amamunyamula choimika paphewa. Wina akamalima, wina wagwira mwana. Wailesi anaizimitsa kalekale kuti azimva kupuma kwake ali panja.

Dzulo Yotamu kutopa kunamukulira. "Kaphokoso ka pakhosi kameneka kakundiboola mutu, make mwana."

Esinati sanamuyang'ane n'komwe.

"Pempherani kuti kasasiye, bambo."