Kabatani ka Bambo

Alamu inayamba kukuwa makaniko atangolumikiza batire, ndipo sinalekenso. Adona anaima pambali pa galimoto, manja ali m'chiuno, akumuyang'ana mmisiriyo ngati ntchentche yogwera mu tiyi.

Galimotoyo inali ya amuna awo. Chichokereni bambo, amene anati akupita ku msonkhano wa kuntchito, inangokhala osalizidwa mpaka batire linatheratu. Msonkhano wanji! Adona ankadziwa bwino lomwe kuti bambo ali ku loji ina kunja kwa tauni ndi sekilitale wawo, kamtsikana kothimbwidzika kaja. Umboni anali nawo. Mpando wakutsogolo, mpando wawo weniweni, ankaupeza utakokedwa ngati panakhala munthu wamfupi, ndipo tsiku lina anatolapo kaulusi kofiira. Sekilitaleyo anali wamfupi, zofiira ndiye zovala zake. Lero Adona anatsimikiza zokawagwira okha ndi maso awo. Banja lithe kapena lilimbe, koma zidziwike lero lomwe.

Ndiye galimoto yake ndi imeneyi: kukamwa yasa, nyali zikuphethira, injini osalira.

Makaniko anayesa nzeru zake zonse. Anadina rimoti, alamu osamva. Analowetsa kiyi pachitseko cha dalaivala, n'kukiya, n'kutsegula; inangopumira pang'ono n'kuyambiranso. Anachotsa waya wa batire, pabwalo n'kukhala bata, koma atangoubwezera inakuwa kuposa poyamba. Anazula fyuzi ina, chimene chinathima ndi wailesi. Adona anatsonya. Amisiri a masiku ano, ovololo yakuda bii, sipanala m'thumba, koma m'mutu mulibe kanthu.

Pomaliza makaniko anapukuta thukuta n'kufotokoza kuti alamu imeneyi sinabwere ndi galimoto, ndi yochita kuikitsa. Batire likatha imayesa kuti kwabwera wakuba, imatseka injini, ndipo imamvera kabatani kamodzi kokha kobisika, kamene amakadziwa ndi mwini wake. Anasuzumira pansi pa chiwongolero, anapapasa uku ndi uku, osakapeza. Kenako anafunsa ngati sikungakhale bwino kungowaimbira bambo.

Kuwaimbira! Kuti adziwe kuti mkazi wawo ali m'njira? Komanso yankho lake Adona ankalidziwa kale. Za kabatani kameneka anafunsapo kangapo, bambo n'kumangoseka, amvekere chinsinsi cha galimoto sauza munthu, ngakhale mayi ako okubala. Zaka zonsezi akumuchapira munthu malaya, kabatani kokha n'kuwamana. Zinkawawawa ndithu.

Anthu anayamba kusuzumira pampanda. Adona anachita manyazi, manyaziwo n'kusanduka ukali. Ndipo ngati kuti phokoso linali lochepa, kuseri kwa nyumba kunabuka lina: mwana wa telala.

Telalayo ankakhala m'kachipinda ka kuseri. Anamulowetsamo ndi bambo, ati kumuchitira chifundo. Adona ankamutcha Kambewa, poti kankayenda m'mbali mwa khoma, mutu uli pansi, osayang'ana munthu kumaso. Tsiku lonse kali pa makina, zidutswa za nsalu zili mbwee pakhomo. Mimba kanangoitola m'njira, mwana n'kubadwa wopanda bambo. Ngakhale moni Adona sankamupatsa. Munthu woti galimoto amangoionera pawindo, ungacheze naye zotani?

Mwanayo thupi linali litatentha kuyambira dzulo lake, ndipo analira mpaka mawu kusasa. Telala anatulukira pakona ya nyumba atamunyamula pachifuwa, maso ali lefu ndi tulo. Anapinda mawondo pang'ono n'kupempha mwaulemu kuti mwina aizimitseko kaye, mwana agoneko.

"Ukuona ngati ndi makina ako osokera amenewa?" anatero Adona. "Mmisiri wakanika, iwe ndiwe ndani? Bwerera kudzenje kwako."

Makaniko anaseka nawo, kuseka kogula nako chifundo kwa bwana. Telala anatembenuka kuti azipita. Nthawi yomweyo alamu inasintha kaliridwe, n'kuyamba kaja kobaya m'makutu. Mwana anadzidzimuka, n'kuuma thupi lonse, kukamwa kuli yasa koma mawu osatuluka.

Telala anaima. Anayang'ana mwana, anayang'ana galimoto, n'kubwerera.

Sanapite kuchitseko cha dalaivala, kumene makaniko anatayako m'mawa wonse. Anazungulira mbali inayo, anatsegula, n'kukhala pa mpando wa Adona. Dzanja lake linapita lokha pansi n'kuukokera mpandowo kutsogolo. Adona anatsegula pakamwa kuti amulalatire. Kambewa pa mpando wawo, ndi fungo la mafuta a makina! Koma asanapeze mawu oyenera, telala anali atatembenuza kiyi, atawerama modutsa pamene pamakhala miyendo ya dalaivala, n'kulowetsa zala kuseri kwa kapeti osayang'anako n'komwe.

Zii.

Pabwalo panangomveka kusisima kwa mwana. Makaniko anakanda m'mutu, n'kunena kuti pamenepo anapapasapo ndithu, mwina anakadinanso, nanga bwanji iye sikanamumvere?

"Kungodina sikamva," anayankha telala, maso ali pa mwana, akumusisita pamsana. "Bambo ake amati uzikagwirabe mpaka nyali zithime."

Anagwira pakamwa mawu atatuluka kale. Paphewa pake panali patakakamira kaulusi kofiira.