Wojambula Amene Sanajambule Bambo Ake

Panali munthu wina ku Balaka, dzina lake Nasiru, wojambula zithunzi. Amene anandiuza nkhaniyi akuti ndi yoona, ndipo ine sindikutsutsa, chifukwa anthu ngati Nasiru tatopa kuwaona.

Anali ndi kamera yabwinobwino imene inkamudyetsa. Maukwati, zinkhoswe, ana omaliza sukulu, onse ankafuna iyeyo. Analinso ndi malenzi atatu akale, olemera ngati njerwa, amene anamusiyira malemu amalume ake kuchokera nthawi ya makamera a filimu. Malenziwo sankalowa pa kamera yake. Ankangowapukuta n'kuwabwezera m'bokosi.

Vuto linayambira pa gulu la Watsapu la ojambula anzake. Wina analemba kuti kukutuluka kamera yatsopano ya mtundu waukulu uja amati midiyamu fomati, yoti chithunzi chake ngakhale uchikulitse chifanane ndi chitseko, tsitsi lililonse limaonekabe. Wina anati mtengo wake udzakhala wotsika zedi. Wina n'kuwonjezera kuti malenzi akale azidzalowa bwinobwino. Panalibe amene anali ataiona kamerayo, ngakhale katoni yake. Koma ankakangana za iyo tsiku ndi tsiku ngati anaipanga okha.

Nasiru mutu unamuzungulira. Ananyamula malenzi aja kupita nawo kwa Lloyd, wokonza mafoni ndi makamera pamsika, kukafunsa ngati adzalowedi pa kamera ikubwerayo.

"Achimwene, izitu n'zongomva," anatero Lloyd. "Kamera iliyonse ili ndi pakamwa pake polowetsera lenzi. Dikirani ituluke, tiione kaye."

"Inu mumangodziwa za mafoni basi," anayankha Nasiru, n'kumapita.

Bambo ake, Che Latifu, ankakhala ku Mposa ndipo anali atakalamba. Mkuluyu anali ndi khalidwe lake: sankalola munthu kumujambula ndi foni. Mdzukulu akangokweza foni, iwo ankaphimba nkhope ndi chisoti. "Wondijambula ine alipo, mwana wanga," ankatero monyadira. Koma mwana wawoyo, zaka khumi akujambula anthu a eni, anali asanawajambulepo ngakhale kamodzi.

Idi itakwana, ana onse anasonkhana kumudzi. Ngakhale Lukiya, mlongo wake wa Nasiru, anabwera kuchokera ku Joni patatha zaka zisanu ndi chimodzi. Atabwerako kopemphera, Che Latifu sanavule mkanjo wawo woyera. Anapesa ndevu, n'kukhala pampando pakhonde.

"Nasiru, tenga makina ako aja. Lero ndakonzeka."

Kamera inali m'chikwama pomwepo, batire litadzaza.

"Iyayi baba, kameneka n'ka maukwati," anatero Nasiru. "Inu ndidzakujambulani ndi yaikulu ikubwerayo, ndi malenzi a amalume. Ndevu zanuzi tidzachita kuziwerenga pachithunzi."

"Ikubwera liti?"

"Akuti mwezi wamawa."

"Akutero ndani?" anafunsa Lukiya. "Ingowajambulani, achimwene. Kamodzi kokha, ndikasonyeze ana kwanga kuja."

Nasiru anakana. Anayamba kufotokoza za mtengo, za malenzi, za kusiyana kwa makamera, mpaka anthu anayamba kunyamuka mmodzimmodzi. Che Latifu anakhalabe pampando paja kanthawi, manja ali pamaondo. Kenako anangoti, "Insha Allah," n'kulowa m'nyumba kukavula mkanjo.

Mwezi wamawa uja unafika, n'kudutsa. Pagulu paja anati yachedwa pang'ono. Unadutsa wina. Anati mtengo akuukonzanso. Nasiru ankangokhalira kuwerenga mauthenga, lero kukondwa, mawa kukhumudwa, za chinthu chimene sanachigwirepo. Ku Mposa sankapitako, poopa funso lija lakuti ikubwera liti.

Lachinayi lina m'mawa, akujambula ana a sukulu, foni inalira. Che Latifu anali atamwalira. Pamene Nasiru amafika ku Mposa n'kuti thupi atalisambitsa kale n'kulikulunga mu nsanda, ndipo madzulo omwewo anakawaika m'manda.

Lukiya sanathe kubwera. Patapita masiku atatu anaimba foni, mawu atasasa.

"Achimwene, nditumizireniko chithunzi cha baba. Ana akufunsa kuti agogo awo ankaoneka bwanji."

Nasiru anatsegula kompyuta. Munali zithunzi masauzandemasauzande: akwati, azinkhoswe, ana obadwa kumene, ngakhale mbuzi za bungwe lina. Bambo ake munalibe. Anafunsa adzukulu onse. Mmodzi yekha anali nacho cha tsiku la Idi lija, mkanjo woyera ukuoneka bwino, koma nkhope itaphimbidwa ndi chisoti.

Sabata yotsatira kamera ija inatulukadi. Mtengo wake unali woti munthu angagulire minibasi. Lloyd anawerenga zonse pafoni yake n'kupukusa mutu. "Malenzi anuwa salowa, achimwene. Pakamwa pake m'posiyana." Pagulu paja palibe anapepesa. Anali atayamba kale kukangana za kamera ina ya chaka chamawa.

Nasiru anapita ku Mposa kukapempha chiphaso cha unzika cha malemu, pamene panali chithunzi chokhacho chimene mkuluyo sakanatha kuchikana. Anachiika patebulo, n'kutulutsa kamera ija ankaiti ya maukwati. Anajambula kankhope kakang'ono, kofufuma, n'kutumiza ku Joni.

Lukiya anayankha mawu ochepa: "Ndalandira. Koma ndevu sizikuoneka."

Phunziro: Musanyoze chimene chili m'manja mwanu chifukwa cha chinthu chongomva pafoni. Makamera atsopano azitulukabe chaka ndi chaka, koma kholo likavala mkanjo n'kunena kuti lakonzeka, lijambuleni tsiku lomwelo. Tumizani uthengawu kwa mnzanu amene amakonda kunena kuti "mwezi wamawa".