Batani la Kumbuyo kwa Makina

Mlonda anayankha foni ali pakhomo pa chipinda cha makina. Anali mwana wake wamkazi, wamakompyuta pa kampani yomweyo, akuimba kuchokera ku ofesi yakutali.

"Ababa, ndimaika pulogalamu yoyendetsa kadi yobisa mauthenga, ndiye ndadula njira yomwe ndimalowera. Makina angoti zii. Lowani mudine batani lakumbuyo abwana asanadziwe."

Lamulo analidziwa: mlonda akakhudza makina, ntchito yatha. Koma ophunzira akalakwitsa, chala chimafunika cha wosaphunzira.

"Akafunsa, udzanena kuti unandituma ndiwe?"

M'fonimo munangomveka kupuma.

Mlondayo analowa. Pamwamba panali kamera. Anavula chipewa kuti nkhope yake ioneke bwinobwino, kenaka anatambasula chala.