Halvadi Yomaliza mu Lusaka

Pofika tsiku lachitatu la chionetsero cha zamalonda, Febby Daka anali atathamangitsa anthu oposa makumi anayi pa galimoto imene ankafuna kugulitsa. Imeneyo ndiyo inali ntchito yake.

Malamulo a kampani ya Halvadi anali omveka. Mtengo sutchulidwa. Wofunsa za petulo si wathu. Galimoto imaima mkati mwa chingwe chofiira, zitseko zili zotseka, ndipo wogulitsa samwetulira mpaka kasitomala atatchula dzina ndi udindo wake. Eni kampani ku Ulaya ankati munthu amalakalaka chimene wamanidwa. Febby sankatsutsa, pakuti m'chaka cha 1978 Lusaka yense ankalakalaka sopo.

Kuseri kwa mpanda wa nsungwi kunali a kampani ya Montreza, ndipo awo nzeru zawo zinali zina. Ankasaka mabwana atsopano a m'makampani a boma, aja ongochoka kumene ku yunivesite. Zitseko zinali pululu, wailesi ikulira rumba, ndipo aliyense wovala nsapato ankaloledwa kukhala kumbuyo n'kujambulitsa chithunzi. Wogulitsa wawo, ba Morris Kapembwa, ankati Halvadi ndi bokosi la maliro lokhala ndi hutala. Febby ankati Montreza ndi bawa ya matayala anayi.

Aliyense anali ndi galimoto imodzi yokha, chifukwa ndalama zakunja zoitanitsira zina kunalibe. Bwana wa Febby anali atanena mosapsatira kuti Halvadi yakudayo ikapanda kugulidwa pofika Lolemba atseka shopu, ndipo Febby ndi ana ake atatu atuluke m'nyumba ya kampani ku Libala.

Masana kunafika bambo wovala suti ya safari yotuwa, chikwama chachikopa m'manja, kabaji pachifuwa. Sanafunse mtengo. Sanafunse za petulo. Analumpha chingwe chija ngati chingwe choyanikira zovala, nadzitchula kuti ndi ba Nicodemus Mukuka, a ku ofesi ina yaikulu imene sanailongosole. Febby anamwetulira koyamba sabata imeneyo, mpaka masaya anamuwawa.

Ba Mukuka anati akufuna galimoto imodzi yokha, yoposa zonse mumzinda, yoti mlendo wolemekezeka wochokera kunja akakhalamo aiwale kwawo. Anati aona zonse ziwiri kenako asankha, ndipo anayambira kwa a Montreza.

Febby anasendera kumpanda kuti amve mabodza a tsikulo. Ba Morris anazimitsa wailesi. Anauza ba Mukuka kuti galimoto ya Montreza imatentha isanafike n'komwe ku Kabulonga, kuti denga limadontha, kuti mabuleki amagwira akafuna okha. Anawonjeza kuti dzana mayi wina anakhazika khanda pa mpando wakumbuyo lilibe thewera, ndipo anapempha ba Mukuka kuti anunkhize okha.

"Ba mudala, ine ndine munthu wa ku chalichi, siningakunameni," anatero ba Morris, akuloza kwa Febby. "Motoka ya zoona ili uko, kuli ba sisi."

Febby sanachedwe kuzindikira. Imeneyi inali njira yatsopano ya malonda: kudzinyoza kuti kasitomala akukhulupirire, kenako n'kumugwira. Mwina anaiphunzira ku kosi ina ya kunja. Koma iye sakanalola kulandidwa nyumba ndi munthu wa ku Chelstone wovala tayi ya maluwa.

Ba Mukuka atabwerera, Febby anaswa malamulo onse a Halvadi nthawi imodzi. Anatsegula zitseko zinayi zonse. Analiza injini n'kuika kapu yodzaza tiyi pa boneti, ndipo silinatayike ngakhale dontho. Ba Mukuka anafunsa ngati galimotoyo ingayende pang'onopang'ono ngati nkhalamba kwa maola awiri osatentha. Febby anati ngakhale anayi. Anafunsa pomangirira mbendera. Febby anawaonetsa kachitsulo kutsogolo, kamene kwa zaka ziwiri iye sankadziwa ntchito yake. Anafunsa ngati munthu wonenepa angalowe osavula chipewa. Febby anathamangira ku makola a ng'ombe zachionetsero, nabwera ndi mlimi wa ku Mkushi wa mimba ngati mgolo. Anamulowetsa ndi kumutulutsa kawiri, chipewa chili pamutu, mlimiyo akufunsa ngati wawina chinachake.

Anthu anadzaza kuzungulira chingwe. Ba Mukuka anakhala kumbuyo, natsitsa galasi, nayeserera kubayibitsa khamulo. Ena anaomba m'manja posadziwa kuti ndi ndani.

"Shani ba Morris, kosi yanu ija yathera pano?" Febby anaponya mawu pampanda.

"Nagonja, mayo," anayankha ba Morris, akupukuta thukuta m'khosi. "Mulungu akuoneni."

Ba Mukuka anatuluka, nakonza suti yawo, nanena kuti asankha. Anati m'zaka zonse zimene agwira ntchito imeneyi sanaonepo wogulitsa wodzipereka chotere, ndipo dzina la Febby alitchula kwa akuluakulu. Febby anayang'ana kumpanda mwamatama, natulutsa fomu yogulira ndi cholembera chagolide chimene chinkasungidwira tsiku ngati limeneli.

Cholemberacho ba Mukuka analandira, koma fomu anaikankhira pambali. Anatsegula chikwama n'kutulutsa kalata yodinda kale, yokhala ndi mpata umodzi wokha wosalembedwa. Pamenepo analembapo kuti Halvadi, napempha makiyi.

Kalatayo inkathokoza kampani chifukwa chopereka galimoto yake mwaufulu ku mdipiti wolandira alendo a dziko, ndipo inkalonjeza kuti idzabwezedwa zinthu zikadzayamba kuyenda bwino.

"Musalile, ba sisi," anatero ba Morris pampanda paja. "Chaka chatha n'nawina ndine. Nikali kuyembekeza."