Mapointi a Ulendo wa ku Norway

"Amayi, mwagulanso tchizi kumsika?"

Mayi Zdravka anabisa kajumbo kumbuyo ngati mwana woba shuga, koma mpongozi wawo Desislava anali atakaona kale.

"Kapisi kokha, mwanawe. Wa kwa Ivanka uja ndi wokoma."

"Ivanka amapereka mapointi? Ku Norway mukwera tchizi wa Ivanka?"

Gogoyo anaika kajumbo m'firiji. Lamulo ankalidziwa bwino. Chogula chilichonse m'nyumbamo, kaya sopo kaya babu, chinkayenera kudzera pa tsamba la intaneti la kampani ya ndege. Ukalowera pamenepo n'kudina dzina la sitolo, kampaniyo inkakupatsa mapointi, ndipo mapointi akachuluka ankasanduka tikiti. Ukangogula osadzera pamenepo, zako zada. Masiku a pulomoshoni mapointi ankabwera owirikiza, ndiye m'nyumbamo mankhwala otsukira mano akatha, anthu ankafinya chubu mpaka tsikulo lifike.

Zonsezi zinali za Mayi Zdravka. Mwana wawo wamkazi, Ralitsa, ankagwira ntchito pafakitale ya nsomba kumpoto kwenikweni kwa Norway, ndipo anali ndi khanda. Mayi Zdravka ankangoliona pafoni. Ankapsompsona galasi la foniyo, kenako n'kulipukuta ndi epuloni. Penshoni yawo sikanagula ngakhale phiko la ndege.

Chodabwitsa n'chakuti nzeru ya mapointiyi anabwera nayo ndi Desislava. Awiriwa sankamwerana madzi kuyambira tsiku limene mtsikanayu analowa m'fulati imeneyi ya mumzinda wa Plovdiv, imene malemu bambo a m'nyumbamo anaikhetsera thukuta moyo wawo wonse. Ankakangana za mapoto, za zenera, za mchere wa mu supu. Mwana wawo Lyuben, mwamuna wa Desislava, ankangokweza wailesi.

Poyamba gogoyo anakayika. Mumtima ankati, ameneyu akufuna akaothere dzuwa kunyanja ku Greece ndi mapointi ogulira sopo wanga. Koma miyezi inkapita, Desislava osakhudza pointi ndi imodzi yomwe. M'malo mwake ankagogoda khomo ndi khomo m'nyumba yosanjayo, kupempha anthu kuti aziwagulira iyeyo matewera, chakudya cha amphaka ndi mafuta ophikira, iwo n'kumam'bwezera ndalama pamanja. Nyengo yozizira yonse anayenda ndi jasi long'ambika m'khwapa, kudikira pulomoshoni ya zovala.

Manyazi anawagwira Mayi Zdravka. Anapereka khadi la penshoni kwa mpongozi wawo. Kumsika, kumene kunali anzawo onse a miseche ndi kuseka, anachepetsa kupita, mpaka anzawowo anayamba kufunsana ngati akudwala. Pabenchi ya pakhomo anauza amayi anzawo poyera kuti, "Mwana uja ndinamulakwira. Pakamwa ndi polusa, koma mtima ndi wa munthu."

Tsono Loweruka lina m'mawa, akupala mbatata kukhichini, anamva kukuwa.

"Akwana! Amayi, akwana!"

Desislava analowa atanyamula kompyuta, Lyuben ali pambuyo ndi masilipasi. Kunali pulomoshoni yaikulu ya tsiku limodzi, mapointi kuwirikiza kakhumi, ndipo Desislava anali woyamba kudina. Tikiti inali itatuluka kale. Dzina la gogoyo linali pamenepo, lolembedwa bwinobwino, ndipo ulendo unali wa Lachinayi.

Mpeni unagwa pansi. Gogoyo anakumbatira mpongozi wawo koyamba chikwatiwire mtsikanayo, manja ali ndi dothi la mbatata, n'kulira mokweza mopanda manyazi.

"Basi, amayi, basi, mundidetsera bulauzi," anatero Desislava akuseka.

Mayi Zdravka anavula ndolo zagolide zimene anasiyiridwa ndi amayi awo. Ankazisungira Ralitsa, ndipo aliyense m'nyumbamo ankadziwa zimenezo. Anaziika m'dzanja la Desislava n'kulifumbatitsa.

"Nawenso ndiwe mwana wanga. Landira."

Desislava sanakane.

Tsiku limenelo khichini inanunkhira ngati pa Isitala. Anaphika banitsa, chitumbuwa cha kwawoko, yamafuta ambiri, ndi tchizi wa Ivanka yemweyo, ndipo palibe amene anadandaula. Anatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati n'kuiika pampando. Analongedza majuzi awiri, masokosi a khanda amene analuka okha, ndi botolo la tsabola wokazinga, atalikulunga m'thaulo kuti lisasweke. Zambiri sanatenge. Munthu wokacheza sasamutsa nyumba.

Atakhala patebulo, anayamba kugawa ntchito.

"Maluwa anga apazenera muziwathirira m'mawa, osati masana. Iwe Lyuben, Loweruka uzipita kumanda kwa bambo ako ukayatse kandulo, usamadikire kuti ndikukumbutse. Ndipo tsabola wa chaka chino musagule ndisanabwere, inu mumasankha wamadzi."

"Chabwino, amayi," anatero Lyuben, maso ali m'mbale.

"Ndiye pobwerera udzanditenga liti kubwalo la ndege? Upemphe tchuthi msanga, bwana wako uja ndi wovuta."

Lyuben anatafuna nthawi yaitali chinthu chimene chinali chitatha kale m'kamwa. Anayang'ana mkazi wake. Desislava anadula chidutswa china cha banitsa n'kuchiika m'mbale ya apongozi ake mwaulemu wonse.

"Kudzakutengani?" anatero Desislava. "Amayi, ife tinkasonkha a ulendo wopita. Ralitsa sanakuuzeni? Akufuna womulerera mwana mpaka adzayambe sukulu. Ndipo mipando yatsopano ya m'chipinda chanu ifika Lachisanu. Ndi imene yakwanitsa mapointiwo."