Mizere M'munda wa Iness

Iness, wophunzira zaulimi chaka chomaliza ku yunivesite, anayala mapesi m'munda wa malemu bambo ake ku Champhira. Kafukufuku wake anali wa mtayakhasu: osalima, osaunga mizere. Koma m'mawa uliwonse ankapeza mapesi atakankhidwira kumbali, mizere yatsopano itaungidwa.

"Ndi bambo aang'ono, a Blackson basi," anatero akukukuta mano. "Akuti sukulu yandiphunzitsa ulesi. Ndikalephera digiri, adzandibwezera zaka zinayi iwowo?"

Kutangoda, anatenga tochi n'kulunjika kumunda. Asanafike anamva khasu likugunda pansi. Mwezi unali usanatuluke, koma anaona msana wa munthu atawerama.

"Mulibe manyazi?" anakuwa. "Aphunzitsi anga akubwera Lachisanu kudzaona mundawu! Tayani khasulo!"

Khasu silinaleke.

"Iwe Iness, ukukalipira ndani?"

Mawuwo anachokera kumbuyo kwake. Anali a Blackson, nyali ili m'manja, akupuma wefuwefu.

"Ndakutsatira. Tiye kunyumba, ndapota nawe."

"Nanga uyo mwamutumayo ndani?" anafunsa Iness, mtima ukuwirabe.

Anawalitsa tochi. Khasu linakhala chete. Panalibe munthu. Panali mizere yokha, dothi lake lofukulidwa kumene, uliwonse wokhotera kumanzere kumapeto, monga ankaungira bambo ake chithyokere phewa.

A Blackson anayang'ana mizereyo, navula chipewa pang'onopang'ono.

"Munda ndi wanga tsopano," anatero Iness, maso ali pamizereyo.

Khasu linayambanso, pafupi ndi mapazi ake.