Zilembo Zokalika za pa Tiyirumu ya a Filipo

A Filipo anatsika minibasi pa Chonde kuchokera ku maliro a mlamu wawo, n'kuima chilili. Chikwangwani chatsopano chinali chitakhomedwa kale pamwamba pa tiyirumu yawo. Koma chinali chitakalikakalika.

Zilembo zake zinali zikuluzikulu, za timichira m'nsonga ngati za m'buku lakale la nyimbo. F anali wodyeka mutu. O anali ndi mikwingwirima pamimba. Utoto wofiira unali wosuluka ngati wakhala padzuwa zaka zambiri. Chonsecho mwana wawo Dainess, amene amaphunzira zojambula pa kompyuta ku Blantyre, anali atachitumiza dzana lomweli.

A Filipo sanafunse munthu. Anangotembenukira ku shedi yoyandikana nawo. A Thomson, kalipentala amene akhala akulimbirana nawo khonde chiyambire chaka chatha, anali kupala chitseko ndi sandipepala, uku akuimba mluzu.

"Mtima wakhala pansi tsopano, a Thomson?"

"Ukhale pansi ndi chiyani? Tiyi wanu wamadzimadzi uja?"

"Mwadikira ndipite kumaliro kuti mupale chikwangwani changa? Ufiti umenewo!"

A Thomson anayang'ana m'mwamba, n'kuseka mpaka kugwira m'mimba. "Chimenecho? Ine ndimayesa mwatola kudzala."

Akabaza ndi ogulitsa nanazi anayamba kuunjikana, ena akuseka nawo. A Filipo analowa m'tiyirumu n'kutuluka ndi chikwanje chowazira nkhuni. Anthu anabwerera m'mbuyo.

"Taimani kaye, abambo," anatero mayi wina wa nanazi.

"Chete inu! Munali pompano akupala, simunanene kanthu!"

Sanalunjike munthu. Anakwera pa benchi ya a Thomson n'kuyamba kupala chikwangwani cha kalipentalayo, chilembo ndi chilembo, mpaka dzina lonse linayoyokera pansi ngati gaga.

"Tafanana," anatero akupuma mwawefuwefu.

A Thomson sanasekenso. Anavula epuloni, n'kuipinda bwinobwino. "Mboni ndi izi. Tikaonana kupolisi." Anakwera kabaza osacheuka.

"Pitani! Nanenso umboni wanga ulipo!"

A Filipo anakokera benchiyo pakhomo pawo kuti atsitse chikwangwani chawo, apolisi akadzionere okha. Atakwera, anayendetsa chala pa F wodyeka uja. Panali posalala. Anakanda O ndi chikhadabo. Posalala ngati galasi.

Foni inalira m'thumba. Anali Dainess, mawu ali odzaza chimwemwe.

"Adadi, mwafika? Zilembozo ndazikalambitsa dala pa kompyuta, kuti alendo opita ku Likhubula aziyesa tiyirumu yathu ndi yakalekale. Mwachikonda?"